Malire a Malo m'Komboni ya Kuku: Mbiri ya Mafotokozedwe Awiri

M'nkhani ino tikufuna kuonetsa kuti mzinda wa Lusaka wakhala ndi njira ziwiri zofotokozera malo pa lamulo, ndipo kuti anthu a m'komboni ya Kuku, m'dera la Chawama, akhala pakati pa njira ziwirizo.

Njira yoyamba inadza ndi atsamunda. Lusaka isanakhale likulu mu 1935, nthaka ya Asoli ndi Alenje inali itagawidwa kale m'mafamu a Azungu. Wopima malo ankazika zizindikiro m'ngodya zonse, n'kulemba utali wa mbali iliyonse pa mapu amene mkulu wa opima malo a boma ankawavomereza. Famu iliyonse inkapatsidwa nambala, ndipo ikagawidwa, chigawo chinkadziwika ndi chilembo pamodzi ndi nambala ya famu imene chachokamo. M'njira imeneyi malire ndiwo amayamba, nyumba imatsatira.

Makomboni a kummwera kwa mzinda anabadwa mosiyana. Antchito ankamanga pa mafamu a Azungu ndi pafupi ndi maenje okumbamo miyala. Chawama imene inkatchedwa Roberts Compound. Malire awo anali a pakamwa: mtengo wa mango, chimbudzi, ngalande, ndiponso umboni wa anansi.

Boma linavomereza njira yachiwiriyi mu 1974, pamene linakhazikitsa lamulo la Housing (Statutory and Improvement Areas) Act, chaka chomwe ntchito yokonza Chawama, George ndi Chaisa inayamba ndi ngongole ya World Bank. M'dera lovomerezedwa ndi lamuloli, khonsolo inkapereka chikalata chokhalira pa malo kwa zaka 30. Mawu a chikalatacho ndiwo tiyenera kuwayang'anitsitsa. Sichinkatchula miyeso ayi. Chinkatchula nambala ya nyumba, nthaka imene nyumbayo yakhalapo, ndi nthaka yoyandikana nayo. Apa nyumba ndiyo imayamba, malire amatsatira.

Koma kuyandikana kumathera pati? Lamulo silinanene. Mnansi akawonjezera zipinda za lendi, kapena mwamuna akamwalira achibale n'kuyamba kulimbana ndi mkazi wamasiye, panalibe chizindikiro chozikidwa chimene akanaloza. Pamene lamulo la malo la 1995 linkapatsa wa ku Kabulonga lizi ya zaka 99 yokhala ndi mapu opimidwa, wa m'komboni ankadalirabe chikumbumtima cha anansi ndi mawu a atcheyamani a chipani.

Lamulo la 1974 linafafanizidwa mu 2015 ndi Urban and Regional Planning Act, ndipo mu 2018 boma linayamba kuyesa mu Lusaka kupima malo pogwiritsa ntchito zithunzi zojambulidwa m'mwamba. Chithunzi chimaonetsa denga ndi mpanda, koma sichinena mwini wake. Tikuona kuti m'Chinyanja cha m'makomboni mawu akuti "puloti" sanachotse mawu akuti "malo". Puloti imapimidwa, malo amachitiridwa umboni. Ndipo wopima wa lero afunikabe kufunsa anansi asanalembe mzere.