Sitoma si bala

Wophunzira unamwino akafunsidwa kuti atchule sitoma m'Chinyanja, mawu amene amabwera msanga pakamwa ndi akuti "bala la pamimba". Amamveka bwino, koma akhoza kuphetsa munthu. Bala timalidikira kuti liume, lichite nkhanambo, lipole. Sitoma ndi nsonga ya thumbo imene dokotala waitulutsira dala pakhungu kuti chimbudzi chizigwera m'thumba lomata, ndipo ikakhala bwinobwino imaoneka yofiira ndi yonyowa ngati m'kati mwa tsaya. Ikayamba kuda, ndiye kuti magazi sakufikako, wodwalayo afunika kuchipatala tsiku lomwelo. Tsono mayi amene wauzidwa kuti amuna ake ali ndi bala adzaopa kufiirako, ndipo kudako adzakuyesa kupola.

Nkhaniyi si ya matenda otupitsa matumbo okha, monga aja amene Burrill Crohn ndi anzake anawafotokoza ku New York mu 1932. Amenewa sapezeka kawirikawiri kuno ku Zambia, ndipo kuwasiyanitsa ndi TB ya m'matumbo n'kovuta. Koma thumbo lobooka ndi tayifodi kapena lopotana limamusiyanso munthu ndi sitoma. Wodwala wa ku Nyimba kapena Petauke akachitidwa opaleshoni ku St Francis' ku Katete, ku Chipata kapena ku UTH ku Lusaka, amabwerera kumudzi kutali ndi dokotala amene anam'ng'amba. Kuyambira pamenepo womuyang'anira ndi mkazi wake, mlongo wake kapena mwana, ndipo chimene ali nacho ndi mawu amene anauzidwa potuluka. Ayenera kudziwa kuti sitoma ya thumbo laling'ono imataya madzi ndi mchere wambiri, kuti ikamatulutsa kwambiri madzi akumwa okha sathandiza koma ORS, ndiponso kuti mkodzo ukachepa impso zili pangozi. Munthu amene akuganiza za bala sangaganize zoyang'ana mkodzo.

Ena amati kubwereka mawu n'kunyozetsa chinenero, ndipo agogo sangamve mawu akuti sitoma; bwanji osangoti bowo? N'zoona kuti poyamba sangamve. Koma mawu achilendo amachititsa munthu kufunsa, pamene mawu ozolowereka olakwika amam'chititsa kuganiza kuti wamva kale. Nalo bowo silinena kuti pamenepo pali mnofu wamoyo wofuna magazi. Jakisoni ndi opaleshoni tinawalandira kalekale, chinenero sichinafe. Komatu sindikuti tizibwereka paliponse. Pamene madokotala alumikiza matumbo awiri ndi pamsoko, ndipo vuto loopsa limene limaonekera makamaka m'sabata yoyamba, ndi kutentha thupi, mtima kuthamanga ndi m'mimba kupweteka kwambiri, ndi kudontha kwa pamsoko basi. Apa chinenero chathu chimanena molunjika kuposa Chingerezi cha m'mabuku. Choyezera chikhale chimodzi: atamva mawuwo, wosamalira wodwala adzachita choyenera kapena ayi?

Chondidetsa nkhawa n'chakuti mawu otere amasiyidwa kuti namwino aliyense adzipezere yekha pambali pa bedi. Zambia inasankha zinenero 7 za m'zigawo, ndipo Chinsenga, chimene anthu ambiri a ku Petauke ndi Nyimba amalankhula kunyumba, mulibe. Choncho uphungu umachoka m'Chingerezi, n'kudzera m'Chinyanja, kenako wachibale n'kuumasuliranso m'Chinsenga, ndipo tanthauzo limatha kupotoka kawiri lisanafike kwa wodwala. Sikoyenera kudikira kuti ndondomeko ya zinenero isinthe kaye. Unduna wa Zaumoyo ndi masukulu a anamwino angathe kugwirizana pa mawu ochepa a pambuyo pa opaleshoni ya matumbo, kuwayesa pa mabanja a anthu amene ali ndi sitoma, olankhula Chinyanja ndi Chinsenga omwe, ndi kuwasindikiza pa pepala limene wodwala amapatsidwa potuluka m'chipatala.