Chaka cha 1989: Pamene Nthaka Inagwedezeka

1. Chaka chimene ambiri timachikumbukira

Ambiri a inu munalipo mu 1989. Ena munali kale pa banja, ena munali ana oweta ng'ombe. Mtsogoleri wa Zambia anali Kenneth Kaunda, ndipo ku Malawi kunali Kamuzu Banda. M'mwezi wa Meyi chaka chomwecho, Papa Yohane Paulo Wachiwiri anadzacheza ku Zambia, kenako anapita ku Malawi.

Chaka chimenechi chili ndi mbiri inanso. Nthaka inagwedezeka m'maiko ambiri, ndipo anthu anafa. Pa Chichewa timati chivomerezi kapena chivomezi. Abale athu olankhula Chitumbuka kuno ku Lundazi amati chindindindi.

M'buku lino tiwerenga za zivomerezi zisanu za chaka chimenecho. Chimodzi chinachitika pafupi nafe, kutsidya kwa malire. Powerenga, sungani funso ili mumtima: bwanji chivomerezi chachikulu koposa sichinaphe munthu, pamene chaching'ono chinapha anthu mazana?

2. Chivomerezi chimachokera kuti?

Makolo anali ndi kafotokozedwe kawo. Atonga a m'mbali mwa nyanja ya Malawi ankati chivomerezi ndi mawu a Mulungu, akufunsa ngati anthu ake alipo. Anthu ankayankha mokweza, ndipo ena ankagogoda mitondo ndi minsi kuti amveke.

Lero akatswiri a za nthaka apeza zambiri. Pansi pa dothi limene timalima pali thanthwe. Thanthwelo ndi logawikana m'zigawo zikuluzikulu, ngati mapale a mphika wosweka. Zigawozi zimayenda pang'onopang'ono, masentimita ochepa pa chaka. Pamene zakhudzana zimakanirirana, ndipo mphamvu imaunjikana kwa zaka zambiri.

Taganizani nsungwi youma imene mukuipinda. Imapirira, imapirirabe, kenako imathyoka mwadzidzidzi. Thanthwe limateronso. Likathyoka kapena likasuntha pansipo, ife pamwamba timamva nthaka ikunjenjemera.

3. Kuyeza mphamvu yake

Pa wailesi mumamva akuti chivomerezi chinali cha mphamvu 5 kapena 6. Kayezedwe ka manambala kameneka anakayamba ndi Charles Richter wa ku America mu 1935, ndipo akatswiri ena anakakonzanso pambuyo pake.

Manambalawa sakwera ngati ndalama za m'thumba. Chivomerezi cha 6 chimaposa cha 5 pafupifupi ka 32. Cha 8 chimaposa cha 6 pafupifupi ka 1,000. Sungani zimenezi, chifukwa zitithandiza kutsogoloku.

4. Januwale: mudzi wokwiririka ku Tajikistan

Tajikistan ndi dziko la mapiri ku Asia. Mu 1989 linali mbali ya Soviet Union. M'bandakucha wa pa 23 Januwale, nthaka inagwedezeka ku dera la Gissar, pafupi ndi mzinda wa Dushanbe. Mphamvu yake inali 5.3 yokha.

Midzi ya kumeneko inali m'munsi mwa zitunda za dothi lofewa. Dothilo linali litamwa madzi ambiri a ulimi wothirira. Litagwedezeka linasanduka phala, n'kutsetsereka. Matope anakwirira nyumba za m'mudzi wa Sharora anthu ali mtulo. Anthu 274 anafa.

Pa zivomerezi zisanu za m'buku lino, ichi chinali chochepa mphamvu kuposa zonse. Koma ndicho chinapha anthu ambiri koposa.

5. Malichi: usiku wa ku Salima

Tsopano tibwere kufupi ndi kwathu. Salima ndi boma la m'chigawo chapakati cha Malawi, m'mbali mwa nyanja. Munthu wa ku Lundazi akaoloka malire n'kufika ku Kasungu, wayandikira dera lomwelo.

Pa 9 Malichi nthaka inagwedezeka koyamba. Anthu anadzidzimuka, koma sanadziwe kuti chachikulu chinali m'mbuyo. Usiku wa Lachisanu pa 10 Malichi, nthawi itatsala pang'ono kukwana 12 koloko, chinafika. Mphamvu yake inapitirira 6. Makoma anang'ambika, madenga anagwa, ndipo anthu anathawira panja mumdima.

Anthu 9 anafa. Anthu pafupifupi 100 anavulala. Anthu pafupifupi 50,000 anasowa pogona. Madera a Salima ndi Dedza ndiwo anakhudzidwa kwambiri.

Thanthwe linathyoka pansi kwambiri, pafupifupi makilomita 30. Kugwedezako kunamveka kutali: m'chigawo chonse chapakati cha Malawi, ku Tete ndi ku Niassa m'dziko la Mozambique, ndiponso kuno m'chigawo cha Kum'mawa cha Zambia.

Taganizirani nyengo yake. Malichi ndi dzinja. Mvula imakhala isanathe, chimanga chikadali m'munda, nkhokwe zambiri zili pululu. Banja limene nyumba yake yagwa nthawi yotere limagona panja ndi ana, udzudzu uli ponseponse. Udzu wofolera sunaume, ndipo njerwa siziumbika pa mvula. Tikamva nambala ya 50,000, tikumbukire kuti anali anthu onga ife, olankhula chilankhulo chathu, ena ndi abale athu enieni.

Ngati m'mudzi mwanu muli agogo amene anamva kugwedeza kwa usiku umenewo, kawafunseni. Mbiri imeneyi ndi yathunso.

6. Meyi: chachikulu chimene sichinaphe munthu

Pa 23 Meyi kunachitika chivomerezi chachikulu koposa m'chaka chonsecho. Mphamvu yake inafika 8. Chinaposa cha ku Salima maulendo mazanamazana.

Koma chinachitikira pansi pa nyanja yaikulu, kum'mwera kwa New Zealand, pafupi ndi chilumba cha Macquarie. Pa chilumbachi palibe midzi. Pamangokhala akatswiri ochepa ofufuza za nyengo ndi za nyama. Palibe amene anafa. Panalibe khoma loti n'kugwera munthu.

7. Okutobala: msewu wosanjikiza ku America

Pa 17 Okutobala, nthawi ya 5:04 madzulo, nthaka inagwedezeka ku California, kufupi ndi mzinda wa San Francisco. Chivomerezichi amachitcha Loma Prieta, dzina la phiri la kumeneko. Mphamvu yake inali 6.9. Anthu ambiri anachiona pa TV, chifukwa masewera aakulu a baseball anali pafupi kuyamba mumzindamo.

Anthu 63 anafa, ndipo oposa 3,700 anavulala. Mwa akufawo, 42 anafera malo amodzi. Mumzinda wa Oakland munali msewu wosanjikiza, wina pansi wina pamwamba. Mbali ina ya msewuwo inamangidwa pa dothi lofewa la matope. Zipilala zinathyoka, ndipo msewu wapamwamba unaphwanya magalimoto amene anali pansi.

Dera limeneli lili ndi anthu mamiliyoni. Nyumba zambiri zinaima chilili, chifukwa malamulo a kumeneko amakakamiza omanga kuganizira za chivomerezi. Zimene zinagwa kwambiri ndi zakale ndi zomangidwa pa nthaka yofewa.

8. Disembala: nyumba za njerwa ku Australia

Chaka chikutha, pa 28 Disembala m'mawa, chivomerezi cha mphamvu 5.6 chinagwedeza mzinda wa Newcastle ku Australia. Anthu a kumeneko sankayembekeza zotere. Nyumba zambiri zinali zakale, za njerwa zopanda zitsulo zozimanga pamodzi.

Anthu 13 anafa, ndipo 9 mwa iwo anafera m'nyumba imodzi yochezeramo anthu apantchito. Oposa 160 anavulala. Nyumba pafupifupi 50,000 zinaonongeka. Pambuyo pake dziko la Australia linakhwimitsa malamulo ake a kamangidwe.

9. Yankho la funso lathu

Tiziike pamodzi zisanuzi. Cha mphamvu 8 sichinaphe munthu. Cha 6.9 chinapha anthu 63. Cha ku Salima chinapha 9. Cha 5.6 chinapha 13. Cha 5.3 chinapha 274.

Mukuona kuti manambala a mphamvu ndi manambala a maliro sakuyendera limodzi. Imfa inatsatira zinthu zitatu: malo amene anthu anamangapo, mmene anamangira, ndi nthawi imene chivomerezi chinawapeza. Nthawi sitingaisankhe. Palibe katswiri, mlosi kapena sing'anga amene anganene tsiku la chivomerezi. Koma malo ndi kamangidwe zili m'manja mwathu.

10. Nanga Lundazi ali pati?

Kumadzulo kwathu kuli chigwa cha Luangwa. Kum'mawa kwathu kuli nyanja ya Malawi, imene pena ndi yakuya pafupifupi mamita 700. Zigwa ziwirizi zinapangika chifukwa thanthwe linang'ambika, mbali ina n'kutitimira. Chigwa cha Luangwa ndi chakale kwambiri. Cha nyanja ya Malawi chikung'ambikabe mpaka lero, mamilimita ochepa pa chaka. Ndi mbali ya mng'alu waukulu wa kum'mawa kwa Africa, umene umadutsanso pa nyanja ya Tanganyika.

Zizindikiro zake zimaoneka. Ku Chichele m'chigwa cha Luangwa, ndiponso ku Nkhotakota ndi ku Chiweta m'dziko la Malawi, kuli akasupe a madzi otentha. Madziwo amatenthedwa pansi penipeni, n'kukwera kudzera m'ming'alu ya thanthwe.

Nthaka sinasiye kugwedezeka mu 1989. Mu Disembala 2009, zivomerezi zotsatizana zinagwetsa nyumba zambiri ku Karonga, ndipo anthu 4 anafa. Mu Febuluwale 2017, china chinagwedeza dera la Kaputa kumpoto kwa Zambia. Ife tili pakati pa zigwa ziwiri. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

11. Nyumba zathu

Nyumba za makolo athu zinali za mitengo, zophomedwa ndi matope, za denga la udzu. Zinali ndi mavuto ake, koma nthaka ikagwedezeka zinkawerama osagwa msanga, ndipo denga linali lopepuka.

Lero tikagulitsa soya, mtedza, thonje kapena fodya, timafuna nyumba ya njerwa ndi malata. Ndi chinthu chabwino, ndipo ndi thukuta lathu. Koma khoma la njerwa ndi lolemera, ndipo silidziwa kuwerama. Choncho pomanga tikumbukire izi:

- Timange pa nthaka youma ndi yolimba. Tipewe dambo ndi m'munsi mwa chitunda chogumuka.
- Maziko akhale akuya, ofika pa dothi lolimba.
- Pangodya njerwa zilumane bwino, kuti makoma awiri agwirane.
- Lintala ya simenti ndi zitsulo izungulire nyumba yonse, osati pamwamba pa zitseko ndi mawindo pokha. Imamanga nyumba ngati lamba.
- Mawindo asakule kwambiri, ndipo asayandikire pangodya.
- Denga limangiriridwe ku khoma ndi waya. Tisapsinje malata ndi miyala kapena njerwa, chifukwa zimenezo ndizo zimagwera anthu pothawa.
- Khoma likang'ambika, tilikonze msanga.

Simenti ndi yodula, tonse tikudziwa. Ngati ndalama zachepa, ndi bwino kumanga zipinda ziwiri zolimba kusiyana ndi zinayi zofooka. Mmisiri akamamanga, mwini nyumba akhale pomwepo ndipo afunse. Tizifunsanso za sukulu ya ana athu ndi tchalitchi chathu, pakuti m'menemo mumasonkhana anthu ambiri pansi pa denga limodzi.

12. Nthaka ikayamba kugwedezeka

Chivomerezi sichitenga nthawi yaitali. Nthawi zambiri chimatha mphindi imodzi isanakwane.

Ngati muli pafupi ndi khomo m'nyumba yaing'ono, tulukani mutaphimba mutu, ndipo mukaime pabwalo kutali ndi khoma. Ngati khomo lili kutali, lowani pansi pa tebulo kapena bedi lolimba. Ngati muli panja, talikirani makoma ndi mawaya a magetsi. Musabwerere m'nyumba kukatenga katundu.

Kugwedeza kukatha, werenganani. Onani ana, agogo ndi olumala. Zimitsani mbaula ndi nyali. Musagone m'nyumba yong'ambika, chifukwa chivomerezi chimabwereza. Ku Salima ndi ku Karonga chachikulu chinabwera pambuyo pa china. Uzani amfumu ndi akomiti a m'dera, kuti uthenga ufike ku boma. Kuno ku Zambia nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ndi DMMU, imene ili pansi pa ofesi ya Wachiwiri kwa Pulezidenti.

Makolo aja ankati chivomerezi chikafika, Mulungu akufunsa ngati anthu ake alipo. Timange nyumba zathu mosamala, kuti tsiku limenelo likafika aliyense wa m'mudzi mwathu adzathe kuyankha.

Mafunso okambirana

1. Kodi chivomerezi cha ku Salima chinachitika tsiku liti, ndipo chinamveka kuti?
2. N'chifukwa chiyani cha ku Tajikistan chinapha anthu ambiri chonsecho chinali chaching'ono?
3. Kodi inu munamvapo nthaka ikugwedezeka? Munali kuti, ndipo munachita chiyani?
4. Yang'anani nyumba imene mwakhalamo panopa. Kodi ili ndi lintala yozungulira? Nanga pa denga pali miyala?

Lembani mawu awa m'kope mwanu: chivomerezi, thanthwe, mng'alu, maziko, lintala.