Mkangano wa mafuta ku Arctic National Wildlife Refuge

Arctic National Wildlife Refuge ndi malo osungira nyama zakutchire omwe ali kumpoto chakummawa kwa chigawo cha Alaska, m'dziko la America. Anakhazikitsidwa mu 1960, ndipo mu 1980 anakulitsidwa kufika pa maekala pafupifupi 19 miliyoni. Koma lamulo la chakacho silinagamule za chidikha cha m'mphepete mwa nyanja, cha maekala 1.5 miliyoni, chomwe akatswiri amati pansi pake pali mafuta ndi gasi.

Pachidikhapo ndi pamene caribou, nyama zonga mphalapala, zimakaswera ana. Anthu a mtundu wa Gwich'in, omwe chakudya chawo chimadalira nyamazi, amakana zokumba mafuta, pamene ambiri a mtundu wa Iñupiat ku Kaktovik amazivomereza.

Nyumba ya malamulo inaloleza kukumbako mu 2017. Chodabwitsa n'chakuti pogulitsa ziphaso mu Januwale 2021, makampani akuluakulu sanaonekere, ndipo panangopezeka madola 14.4 miliyoni. Boma la Biden linafafaniza ziphaso zotsala mu 2023. Pa malonda achiwiri, mu Januwale 2025, sipanapezeke wogula ndi mmodzi yemwe, komabe chaka chomwecho boma la Trump linatsegulanso chidikhacho.