Fumbi la ku Joni ndi Oswa Miyala a Lero

Dzina la Wenela, malo okwerera basi ku Blantyre, linachokera ku bungwe lomwe linkalemba anthu ntchito za m'migodi ya golide ku South Africa. Pambuyo pake bungweli linadziwika kuti Theba. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Amalawi oposa 100,000 ankagwira ntchito m'migodiyo. Mu Epulo 1974, ndege yomwe inkabweza ogwira ntchito kumudzi inagwa ku Francistown, ku Botswana, ndipo Amalawi oposa 70 anafa. Dr Kamuzu Banda anaimitsa kalemberayo. Anayambiranso mu 1977, n'kutheratu mu 1988.

Ngoziyo inamveka dziko lonse. Koma panali mliri wina umene sunamveke, chifukwa unkapha munthu mmodzimmodzi, patapita zaka atabwerera kwawo. Mwala umene muli golide uli ndi silika wambiri. Akauboola kapena kuuphulitsa, umatulutsa fumbi losalala kwambiri, losaoneka ndi maso, limene limakafika mkati mwenimweni mwa mapapo. Kumeneko limasiya zipsera zosapola. Matendawa ndi silikosisi. Alibe mankhwala ochiza, amatha kukula ngakhale munthu atasiya ntchito, ndipo amachititsa kuti chifuwa chachikulu chimugwire mosavuta.

Eni migodi ankadziwa zimenezi kalekale. South Africa inakhazikitsa lamulo la chipukuta misozi cha matendawa mu 1912, ndipo mu 1930 msonkhano woyamba wa mayiko wokambirana za silikosisi unachitikira ku Johannesburg. Komabe chitetezo ndi ndalama zinkapita makamaka kwa azungu. Munthu wakuda akadwala, ankamubweza kwawo, ndipo mtolo wosamalira wodwala unkagwera mkazi wake ndi abale. Mu 2018 makampani asanu ndi limodzi anavomera kulipira marandi 5 biliyoni, ndipo bungwe la Tshiamiso Trust linakhazikitsidwa kuti lizilipira omwe anagwira ntchito m'migodi yawo pakati pa 1965 ndi 2019 n'kudwala silikosisi kapena chifuwa chachikulu. Apa n'kuti ambiri atamwalira kale.

Fumbi lomwelo lili pafupi nafe. Oswa miyala ya kwale m'mbali mwa msewu, osema ziliza ndi odula matailosi ndi makina amapuma silika tsiku ndi tsiku, nthawi zina ana ali pambali. Kunja nako vutoli silinathe: dziko la Australia linaletsa miyala yopangidwa m'fakitale ya matebulo a kukhitchini kuyambira pa 1 Julayi 2024, amisiri achinyamata atapezeka ndi silikosisi.

Kwa inu alangizi a zaumoyo ndi odzipereka m'midzi yozungulira Kuti ndi boma lonse la Salima, mbiriyi ikusiya ntchito ziwiri. Yoyamba ndi kufunsa. Munthu akabwera ndi chifuwa chosatha kapena befu, mufunseni ntchito zonse zimene anagwirapo, ndi zaka zingati, ngakhale zitakhala za kale. Ngati anapitako ku Theba kapena anaswapo miyala, lembani zimenezo pomutumiza kuchipatala. Makhololo amathandiza kupeza chifuwa chachikulu, koma silikosisi amaonekera pojambula pachifuwa. Wodwala amene wamaliza mankhwala a chifuwa chachikulu koma akubanikabe ayenera kuonedwanso. Amene anagwira ntchito ku Joni asunge mapepala awo onse a ntchito, chifukwa ndiwo umboni pofunsa chipukuta misozi.

Yachiwiri ndi kuthana ndi fumbi pomwe likuyambira. Mwala uzinyowetsedwa poswa, podula ndi popala. Pamalo pazithiridwa madzi asanasese. Ntchito izichitikira panja, mphepo ikuchotsa fumbi kumaso, ana ali kutali. Kansalu kapena masiki wamba satchinga fumbi losalalali. Pamafunika masiki ya mtundu wa N95 yogwira bwino nkhope, ndipo ngakhale iyoyo ndi yongothandizira madzi.

Anthu a ku Theba anadikira zaka makumi angapo kuti matenda awo adziwike ndi dzina lake. Woswa miyala wa lero akhoza kudziwika msanga, ngati amene akumuona koyamba atamufunsa ntchito imene amagwira.