ZA KALATA YA CISUDZULO M'DZIKO LA KASUNGU

Aphunzitsi ndi alaliki a m'dziko la Kasungu alidziwa funso limene libuka pamene munthu amene adakhalapo pa banja afuna kukwatira kapena kukwatiwa kaciwiri. Akuru a mpingo amfunsa, Kodi ukwati woyamba uja udatha? Iye ati, Udatha kale lomwe. Amfunsanso, Nanga kalata yace iri kuti? Pamenepo munthu angoti kakasi, pakuti kalatayo idadyedwa ndi ciswe, kapena idapita ndi mwamuna, kapena sidalembedwe konse. Funso lomweli libukanso pa cuma ca masiye, pamene akazi awiri afika kwa Bwana Disi, yense nanena kuti ndiye mkazi wa womwalirayo. Ndipo popeza anthu a pa mudzi athamangira kwa mphunzitsi pa zinthu zonse za mapepala, nkoyenera kuti iye adziwe mbiri ya makalata amenewa. Mabwalo a mirandu asintha maina ndi eni ace kangapo, ndipo wosadziwa bwalo limene linali kuweruza m'caka cakuticakuti adzagogoda pa khomo losayenera, nadzabwerako cimanjamanja.

Tiyambe ndi mau eni ace. M'Cicewa mwamuna akwatira, mkazi akwatiwa. Momwemonso mwamuna asudzula, mkazi asudzulidwa, ndipo ponena za onse awiri timati asudzulana. Kusudzula sikucoka cabe ai. Mwamuna akhoza kucoka pa mudzi wa mkazi wace usiku, atasenza mphasa ndi nkhwangwa yace, ndipo anthu adzati wathawa, kapena wamsiya, kapena alekana. Koma palibe adzati wamsudzula. Kusudzula ndiko kummasula mnzako poyera, kuti akhale mfulu wa kulowa banja lina wopanda mlandu. Ndico cifukwa cace mau omwewa timawamvanso atatha maliro, pamene abale a womwalira asudzula wamasiye. Ana a sukulu, ndi akuru ena omwe, asokoneza mau awa ngati ali amodzi. Pa bwalo la mirandu sali amodzi.

Makolo athu analibe pepala, koma anali nao ankhoswe. Ukwati wa Cicewa sumangidwa ndi anthu awiri okha: nkhoswe ya kucimuna ndi nkhoswe ya kucikazi ndizo ziumanga, ndipo izo zomwe ziumasula. Mwamuna anali kupita ku cikamwini, namanga nyumba kwao kwa mkazi, nalima komweko. Ena atakhala zaka anapempha citengwa. Ana anali a mbumba ya mkazi, oyang'aniridwa ndi atsibweni ao. Pobuka ndeu m'nyumba ankhoswe anakhala pansi kamodzi, kawiri, katatu. Zikakanika anaitengera nkhani kwa mfumu ya mudzi, ndipo ukwati unatha pamaso pa anthu. Buku la mlandu umenewo linali mitima ya amene analipo, ndipo silinasowe, pakuti anthu a mbumba imodzi anali kubadwa, kukalamba ndi kuikidwa pa malo amodzi. Ca kumpoto, kwa Kaluluma ndi kwa Simlemba, kumene Acewa adasanganikirana ndi Atumbuka ndi Angoni ndipo mwambo wa malowolo udakhazikika, mboni zinali ng'ombe: zikabwerera ku khola kumene zidacokera, munthu ali yense anadziwa kuti banja latha.

Pa mapeto a caka ca 1895 asilikali a Boma la Angerezi anamthira nkhondo Mwase Kasungu, namanga linga limene analicha Fort Alston. M'caka ca 1900 Dr George Prentice wa ku Livingstonia anakhazika misyoni ku Kasungu, imene patapita zaka makumi awiri ndi mphambu inaperekedwa kwa a ku Nkhoma. Cotero mabuku a mpingo wa ku Cilanga ali mwa mabuku akale koposa m'mene mudalembedwa maina a okwatirana a dziko lino. Boma nalo lidaika lamulo la maukwati m'caka ca 1902, ndi la cisudzulo m'caka ca 1905. Ukwati wa pa lamulo la 1902 unali wa Cizungu: mkazi mmodzi, ndipo wokhoza kuumasula ndi Bwalo Lalikuru lokha, si mfumu kapena ankhoswe. Amisyoni ndi Boma anatsutsana zaka zambiri za maukwati a Akristu a dziko lino. Lamulo la 1912 silinakhalitse, ndipo m'caka ca 1923 linadza lina lakuti ukwati wodalitsidwa m'chalichi ulembedwe m'kaundula, koma pa maso pa Boma ukhalebe wa mwambo wa eni ace.

Apa ndipo ambiri asokera. Munthu asunga setifiketi ya ku chalichi m'bokosi zaka makumi atatu, nayesa kuti kumene ukwati udamangidwira ndi komwe kudzapezeke kalata ya kutha kwace. Bwalo la akuru a mpingo likhoza kuyanjanitsa, kudzudzula, kumuimika munthu pa mgonero, ndi kulemba m'buku lace kuti uje adasiyidwa ndi mwamuna. Ndipo mau amenewo athandiza pofuna kudziwa caka. Koma kalata imene Boma liiwerengera icokera ku bwalo la mirandu.

Caka cacikuru pa nkhani yathu ndico 1933, pamene Boma la Nyasaland lidaika malamulo awiri, Native Authority Ordinance ndi Native Courts Ordinance. Mafumu anali kuweruza ndi kale lomwe, koma tsopano bwalo la mfumu linalandira kalata ya cilolezo, linakhala ndi aphungu ace, ndiponso mlembi wa malipiro, amene kawirikawiri anali mnyamata wa ku sukulu zathu za misyoni. Mlembiyo analemba maina a otsutsana, midzi yao, cifukwa ca mlandu, ciweruzo ndi ndalama zimene zidaperekedwa, nadula risiti. Bwana Disi anali kuyendera mabukuwo, ndipo wosakhutira ndi ciweruzo ananka kwa iye kukacita apilo. M'mabuku amenewo mirandu ya mabanja inacuruka ndithu.

Cimene cinaicurukitsa ndiwo ulendo wa ku Harare ndi ku Joni. Komiti imene Boma lidaika m'caka ca 1935 kufufuza za anthu opita kunja inapeza kuti amuna ngati 120,000 a m'Nyasaland anali kunja kwa dziko, ndipo Kasungu anatumako ana ace ambiri. Kamuzu Banda yemwe adacoka kuno wa pansi ali mnyamata. Taganizani tsono za mkazi wa mchona. Alindira caka cacitatu, cacisanu, cacisanu ndi ciwiri. Palibe kalata, palibe nsaru, denga likudontha, ndipo msonkho wa nyumba ufunidwabe. Ankhoswe a kucimuna ati, Ife sitingathe kukumasula mwini wace kulibe. Akwatiwa ndi wina mwa iye yekha, mchona uja akangotulukira ndi sutikesi yace mwamuna waciwiriyo agwa mu mlandu wa cigololo, nalipira. Bwalo la mfumu ndilo linakhala pothawira pace, ndipo kapepala ka mlembi kanali cikopa ca anthu awiri, mkaziyo ndi womkwatira. Sindiyesa kuti akazi a masiku aja anakonda mapepala koposa ankhoswe ao. Anaona cabe kuti mboni ya pakamwa imaopa nkhope ya mbale wace wobwera ndi ndalama, pamene pepala siliopa munthu.

Koma wowerenga mabuku akalewo acenjere. Martin Chanock, m'buku lace la 1985 lonena za malamulo ndi miyambo ya m'Malawi ndi m'Zambia, adaonetsa kuti zambiri zimene zidalembedwa ndi dzina lakuti mwambo zinali zofuna za mafumu ndi akuru acimuna a nthawi imeneyo, amene anali kuyesa kugwira akazi ndi anyamata owapulumuka m'manja. Mau a mkazi m'buku ndiwo mau ace monga adawamva mlembi, ndipo mlembiyo anali mwamuna, wolembera pa maso pa mfumu.

Zitatha izi mabwalo anasintha msangamsanga. M'caka ca 1962 anasanduka Local Courts, ndipo mpando wa woweruza unayamba kucoka kwa mfumu kunka kwa cheyamani woikidwa ndi Boma. M'caka ca 1969 anachedwa Traditional Courts. Pofika 1994, ndi malamulo atsopano a dziko, mabwalo amenewa analeka, ndipo nchito yao, nyumba zao zambiri ndi anchito ao zinalowa m'manja mwa mamajisitireti. Lamulo la 2011 lofuna kubwezera mabwalo a ku midzi lidabvomerezedwa ku Nyumba ya Malamulo, koma zaka zinapita mabwalowo osatsegulidwa. Pa kusintha kuli konse mabuku anasamuka: ena anatsala m'kabati momwemo, ena ananka ku boma, ena ku Zomba, ena anatha ndi mvula ndi makoswe.

Fodya anabweretsa bvuto la mtundu wina. M'zaka za m'ma 1970 zigwa za Kasungu zinadzala ndi maesiteti, a Press Farming, a General Farming ndi a anthu ena, ndipo panafika matenanti ocokera ku Mulanje, ku Thyolo, ku Phalombe ndi kwina, kudzalima fodya wa burley. Anthu awa anali kutali ndi atsibweni ao. Ambiri anakwatirana pa esiteti pomwepo, nkhoswe ali tenanti mnzao kapena kapitao. Ndipo fodya atagulitsidwa, ngongole ya cimanga ndi feteleza itadulidwa, mwamuna anakwera lole, nkhoswe nayonso inanka kwina. Mabanja otere sanafike pa bwalo liri lonse, ndipo wofuna kalata yace afuna cinthu cimene sicidakhalepo. Utenanti udaletsedwa ndi lamulo la 2021, koma ana a mabanja aja alipo, ndipo ndiwo amene afunsa tsopano. Malamulo akuru a dziko a 1994 abvomereza ukwati wodziwika ndi kukhalira pamodzi, ndipo lamulo la maukwati la 2015, limene lidalowa m'malo mwa la 1902, la 1905 ndi la 1923, liti bwalo likhoza kuuzindikira ukwati wotere anthu atakhala pamodzi zaka zosacepera zisanu. Cotero ukwati wa pa esiteti ungathe kukhala ukwati ndithu, wofunika kuumasula pa bwalo monga wina uli wonse.

Tsono munthu akadza kwa inu, musayambe ndi kumlembera kalata. Yambani ndi kumfunsa. Ukwatiwo unali wotani, wa ankhoswe, wa m'chalichi, kapena wa kwa Disi? Wa kwa Disi, wa pa lamulo la 1902, udamasulidwa ku Bwalo Lalikuru, limene kaundula wace wamkuru ali ku Blantyre ndi wa cigawo ca pakati ku Lilongwe. Ku Kasungu simudzaupeza. Wa mwambo, ngati udatha citapita caka ca 1994, funsani kwa mlembi wa bwalo la majisitireti limene lidaweruza. Caka ndico cibvuta koposa, pakuti mirandu ilembedwa ndi nambala ndi caka, si ndi maina monga m'rejisita ya sukulu. Nkhalamba siikumbuka nambala, koma ikumbuka kuti kunali njala ya 2002, kapena kuti mwana wacisamba anali kuyamwa. Buku la ubatizo lidzakuuzani caka cimeneco. Funsaninso maina onse, pakuti mkazi amene alembedwa lero ndi dzina la Cikristu kapena adalembedwa kale ndi la pfuko lace, Nabanda kapena Naphiri, ndi mudzi umene udasintha mfumu.

Kalata yopempha ikhale yaifupi, yonka kwa majisitireti: maina a onse awiri, mudzi ndi mfumu yaikuru, monga Mwase, Kaomba, Lukwa, Santhe kapena Wimbe, caka, nambala ngati ilipo, ndi cifukwa cofunira. Apite mwini wace ndi ciphaso cace ca unzika. Inu mumperekeze cabe, pakuti mlembi sapereka nkhani za m'nyumba ya eni kwa munthu ali yense wodutsa, ndipo acita bwino potero. Ndalama iri yonse yoperekedwa itsatane ndi risiti ya Boma. Apemphe kope la ciweruzo conse lokhala ndi cidindo ca bwalo, si kalata yakuti banja lidatha yokha. Pakuti m'ciweruzo ndimo muli za ana, za kugawa katundu, ndi za nyumba imene mwambo wa cikamwini ufuna kuti mwamuna ammangire mkazi kwao.

Za kale koposa zifunidwe ku National Archives ku Zomba, nkhokwe ya mabuku a Boma imene idatsegulidwa m'caka ca 1947. Zambiri za zaka zoyamba za Boma zidapsa ndi moto wa ku maofesi a ku Zomba m'caka ca 1919, koma mabwalo a mafumu adayamba kulemba moto utapita, ndipo mwa makalata a maboma muli zimene zidapulumuka. Wopita kumeneko alembe kalata yonena cimene afuna, napemphe cilolezo ca kuwerenga. Mabuku amene angosungidwa kumeneko kwa kanthawi akali a bwalo limene lidawatumiza, ndipo mlembi wa bwalolo ndiye awaitanitsa.

Buku likapanda kupezeka konse, munthu abwerere kwa ankhoswe, ngati ali moyo, ndi kwa mfumu ya mudzi, kuti zimene adaziona azinene m'kalata yolumbirira pa maso pa majisitireti. Ndipo kumene kudali kulekana cabe, wopanda ciweruzo, mnzaceyo ali moyo, palibe cofufuza. Mlandu ukayambidwe tsopano, akuru a mpingo asanalengeze za ukwati waciwiri.