Mneni

Mwa mawu onse amene aphunzitsi a galamala amatchula m'kalasi, palibe ena oyenera kuwasinkhasinkha mofatsa kuposa akuti mneni. Pakuti monga mlimi ali munthu wolima, ndi msodzi munthu wosodza, momwemonso mneni, wochokera ku tsinde la kunena, ndiye liwu lonena chimene mwininkhani achita, chimene chimgwera, kapena mmene alili.

M'Chichewa mneni akhoza kuima yekha nakhala chiganizo chathunthu, popeza m'liwu limodzi lakuti "ndinamuona" muli woona, woonedwa, ndi nthawi ya kuonako; koma m'Chingerezi, kupatula polamula monga "Come", mutu umodzi susenza denga, ndipo wophunzira ayenera kulemba mawu atatu, "I saw him". Atsogole mwininkhani, mneni amtsate, pamtherankhani atsirize, chifukwa malo a liwu ndiwo asonyeza ntchito yake: "The dog bit the boy" anena kuti galu analuma mnyamata, koma mukasinthanitsa maina awiriwo, mnyamata ndiye asanduka woluma.

Ndiponso mneni wa Chingerezi amasintha kumathero, nalandira -s m'nthawi yatsopano pamene wochitayo ali mmodzi ndipo sali wolankhula kapena wolankhulidwa, monga "she walks", ndi -ed m'nthawi yakale, monga "she walked". Alipo ena osamvera lamulo limeneli, monga "go" amene asanduka "went", ndipo amenewo ayenera kungolowezedwa pamtima mmodzimmodzi.