Classic kapena Gutenberg: musanatsegule webusaiti, dziwani kusiyana kwake

Anzanga a ku Mponela, Madisi, pa Dowa boma mpaka kwa Malomo ku Ntchisi, ambiri mwayamba kufuna webusaiti ya bizinesi, ya mpingo kapena ya kalabu ya alimi. Mukasankha WordPress, yomwe inayamba mu 2003, mupezamo njira ziwiri zolembera.

Yakale ndi Classic Editor. Ndi bokosi limodzi lalikulu, pamwamba pali timabatani ngati pa Microsoft Word. Mumalemba, kuika chithunzi, basi mwamaliza.

Yatsopano ndi Gutenberg, yomwe inabwera ndi WordPress 5.0 pa 6 Disembala 2018. Dzinali ndi la Johannes Gutenberg wa ku Mainz, amene anayambitsa makina osindikizira mabuku ku Ulaya cha m'ma 1450. Apa ndime iliyonse, chithunzi, mutu kapena batani zimaima pazokha ngati njerwa, ndipo amazitcha ma block. Mukhoza kunyamula imodzi n'kuikweza pamwamba osasokoneza zinazo. Mukangolemba chizindikiro cha / pamzere watsopano, mndandanda wa ma block umatuluka.

Kusiyana kwenikweni kuli pa ndalama. Tinene kuti kalabu yanu ikufuna tebulo la mitengo ya soya ndi mtedza, zithunzi zitatu zoyandikana, ndi batani lopita pa WhatsApp. Pa Gutenberg zonsezi muchita nokha madzulo amodzi. Pa Classic mufunika kudziwa HTML, kuwonjezera ma plugin, kapena kumulipira mnyamata wa ku Lilongwe nthawi iliyonse mtengo ukasintha.

Komatu Gutenberg ndi yolemera. Imadalira kwambiri JavaScript, choncho pa laputopu yakaunjika imachedwa kutseguka, ndipo kuseri kwa mapiri athuwa komwe netiweki imangobwera n'kupita, mumatha kudikira tsamba uku bandulo ikutha. Chomwe ndimachita ine: ndimalemba nkhani yonse pa foni popanda intaneti, kenako n'kukaimata. Gutenberg imagawa yokha ndime iliyonse kukhala block.

Amene mukufunabe Classic, pitani pa Plugins, fufuzani Classic Editor, ikani. Ndi yaulere. Nkhani zakale sizitayika mukasamuka: zimatseguka mu block imodzi ya Classic, ndipo pali batani la Convert to blocks. Mukalidina onaninso zithunzi, nthawi zina zimasuntha.

Ineyo ndimati wolemba nkhani zokhazokha pa kompyuta yofooka akhale pa Classic. Koma amene mukuyamba lero, phunzirani ma block. Kuyambira pa WordPress 5.9, mu Januwale 2022, pa ma theme atsopano ngakhale menyu ndi kumutu kwa webusaiti zimakonzedwa ndi ma block, ndipo app ya WordPress ya pa foni imalembetsanso ndi ma block omwewo.